Kapolo, Nduna kapena Mbala? Mipata ya m'Ndakatulo za Chingerezi Chakale

Chaka chatha, m'phunziro la mbiri ya chiyankhulo cha Chingerezi, aphunzitsi athu adatipatsa ntchito yomasulira m'Chichewa mizere makumi awiri ya ndakatulo yotchedwa Beowulf. Pepala lomwe adatigawira lidali ndi mbali ziwiri. Kumanja kudali Chingerezi cha masiku ano choti chititsogolere, ndipo chinkawerengeka bwinobwino ngati nkhani ya m'nyuzipepala. Kumanzere kudali Chingerezi chakale, chodzaza ndi mikutiramawu ndi timadontho, moti ndidayesa kuti makina a fotokope ndiwo adya zilembo monga amachitira inki ikamatha. Ndidakweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi simungatipatseko pepala lina looneka bwino?" Iwo adaseka n'kuyankha kuti, "Makina sadalakwe. Buku lomwe muli ndakatuloyi ndi limodzi lokha padziko lonse, ndipo tsamba limenelo likuoneka chomwecho."

Chimangirizo chino chachokera pa yankho limenelo. Cholinga changa ndi kuonetsa kuti zomwe timazitcha zolembalemba za Angerezi akale ndi zotsalira chabe, ndipo kuti pakati pa mlakatuli ndi ife owerenga pamaima anthu ena amene adadzaza mipata ndi maganizo awo.

Tiyambe ndi ndime yomwe tidapatsidwayo. Chakumapeto kwa ndakatuloyi, Beowulf ali mfumu yokalamba yomwe yalamulira zaka makumi asanu mwamtendere. Tsiku lina munthu wina akulowa m'phanga momwe chinjoka chikulondera chuma, n'kutengamo chikho chimodzi. Chinjoka chija chitadzuka chikutentha dziko ndi moto, ndipo Beowulf akufa polimbana nacho. Imfa ya mfumu ndi tsoka la mtundu wonse zikuyambira pa munthu wotenga chikho uja. Kodi iyeyu adali yani? Pamzere wa 2223, pomwe mlakatuli akumutchula, chilembo choyamba cha mawuwo chikuoneka, chomwe ndi þ, koma zotsatira zake zidafufutika. Akonzi ambiri amati padalembedwa þeow, kutanthauza kapolo. Ena amati þegn, munthu waulemu wake womenyera mfumu nkhondo, amene ife tingamufanizire ndi nduna. Enanso amati þeof, kutanthauza mbala. Mawu onse atatu ndi a zilembo zinayi ndipo onse akukwana pampatapo.

Kusiyanaku si kwapang'ono. Ngati adali kapolo, ndiye kuti ufumu udagwa chifukwa cha munthu wapansi amene ankathawa zikwapu, nalowa m'phangamo pofuna pobisala. Ngati adali nduna, nkhaniyi ikukamba za kusokonekera kwa ubale wa mfumu ndi anthu ake, womwe ndi mutu waukulu wa gawo lomaliza la ndakatuloyi. Ngati adali mbala, mlakatuli wamuweruza kale. Mbali yakumanja ya pepala lathu idangoti kapolo, osachenjeza owerenga kuti mawuwo ndi ongoganizira.

Kuti timvetse chifukwa chake palibe buku lina loti tifananitse nalo, tiyenera kuona njira yomwe bukuli lidadzera. Lidalembedwa pamanja cha m'ma 1000, pazikopa zopalidwa bwino, ndi alembi awiri. Wachiwiriyo adalandira cholembera pakati pa mzere wa 1939 n'kupitiriza mpaka pamzere womaliza wa 3182. Pakati pa 1536 ndi 1541 Mfumu Henry VIII idatseka nyumba za amonke ku England, ndipo mabuku omwe ankasungidwa m'menemo adamwazikana. Ambiri adang'ambidwa, zikopa zake n'kukhala zokutira ndi zolimbitsira mabuku atsopano. Buku lathuli lidapulumuka. Mu 1563 Laurence Nowell adalembapo dzina lake, ndipo pambuyo pake lidafika m'manja mwa Sir Robert Cotton, amene ankasonkhanitsa mabuku akale. Cotton ankaika chosema cha mutu wa mfumu ya Aroma pamwamba pa kabati iliyonse, n'chifukwa chake mpaka lero bukuli limadziwika kuti Cotton Vitellius A. xv: kabati ya Vitellius, shelefu yoyamba, buku la nambala 15.

Pa 23 Okutobala 1731 moto udabuka m'nyumba ya Ashburnham House ku Westminster, momwe mabuku a Cotton ankasungidwa. Anthu adapulumutsa zomwe akadatha, mabuku ena ankachita kuwaponyera panja kudzera pazenera. Buku la Beowulf lidawauka m'mbali. Chikopa chikawauka chimakhwinyata ndi kuuma gwa, ndiye aliyense wotsegula bukulo m'zaka zotsatira ankayoyola tizidutswa ta m'mphepete pamodzi ndi zilembo zake. Zidapitirira chomwecho kwa zaka zoposa zana, kufikira mu 1845 pamene tsamba lililonse lidamatidwa m'felemu ya pepala. Mafelemuwo adaletsa kuyoyoka koma adaphimbanso zilembo zina, zomwe zidadzawerengeka m'zaka za m'ma 1990 pamene Kevin Kiernan adajambula masambawo powaunika ndi kuwala kwapadera. Tsamba la munthu wotenga chikho lija ndilo lowonongeka koposa onse, ndipo akatswiri sagwirizana pa chomwe chidafufuta inki yake, chifukwa moto wokha sungafotokoze maonekedwe ake.

Munthu amene amandichititsa chidwi m'mbiri yonseyi si katswiri ayi. Grímur Jónsson Thorkelin, wochokera ku Iceland, adalemba ganyu munthu wina mu 1787 kuti amukoperere ndakatuloyi, kenako iye mwini adakoperanso yake. Waganyu uja sankadziwa Chingerezi chakale. Ankangojambula zomwe maso ake akuona, ndipo nthawi zina ankasokoneza zilembo zofanana. Komatu kusadziwa kwakeko kuli ndi ubwino wake: munthu wosamva chiyankhulo sakonza mawu kuti amveke monga iye akufunira. Makope awiriwa adatisungira zilembo pafupifupi 2,000 zomwe lero sizikuonekanso m'bukumo. Nawonso adatsala pang'ono kupsa mu 1807 pamene Angerezi adaphulitsa mzinda wa Copenhagen ndi mizinga, nyumba ya Thorkelin n'kuyaka pamodzi ndi ntchito yomwe ankakonzekera kusindikiza. Adayambiranso, ndipo ndakatuloyi idasindikizidwa koyamba mu 1815.

Ngakhale zili choncho, Beowulf idachita mwayi poyerekeza ndi zinzake. Ndakatulo yonena za nkhondo ya ku Maldon ya mu 991 idali kale yopanda mutu ndi mchira, ndipo masamba ake adapseratu pamoto womwe uja wa 1731. Mizere 325 yomwe tili nayo idachokera ku kope yomwe David Casley adalemba zaka zochepa moto usadabuke. Ndakatulo ya Waldere tikuidziwa kudzera m'masamba awiri okha, a mizere yoposa pang'ono makumi asanu ndi limodzi, omwe adapezeka mu 1860 mu laibulale ya mfumu ku Copenhagen. Zikuoneka kuti munthu wina adawagwiritsa ntchito pokutira buku lina. Chidutswa cha ndakatulo ya nkhondo ya ku Finnsburg chidasindikizidwa ndi George Hickes mu 1705 kuchokera patsamba limodzi lomwe adaliona mu laibulale ya ku Lambeth. Tsambalo lidasowa, choncho pomwe Hickes adawerenga molakwika palibe woti n'kumutsutsa ndi umboni. Chidutswachi chimayambira pakati pa mawu, ndipo akonzi amabwezeretsa zilembo zosowazo poona kuti mawu omwewo abwerezedwa patangopita mizere yochepa. Kumeneko ndi kuganiza kokhala ndi maziko. Koma si mpata uliwonse womwe uli ndi mboni yotere pafupi.

Ndakatulo zonse za Chingerezi chakale zomwe zidatsala ndi mizere pafupifupi 30,000, ndipo yambiri ili m'mabuku anayi okha. Limodzi mwa iwo lili kutali ku Vercelli m'dziko la Italy. Lina, la ku Exeter, lili ndi bala la moto lomwe lidadya masamba akumapeto, ndipo imodzi mwa ndakatulo zovulala pamenepo ndi yofotokoza za mabwinja a mzinda wakale. Nanga zomwe zidatayika zidali zochuluka bwanji? Mu 2022 Mike Kestemont ndi anzake adafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science. Iwo adabwereka njira yomwe akatswiri a zachilengedwe amagwiritsa ntchito poyerekeza mitundu ya zamoyo yomwe sadaionebe: ukapeza kuti mitundu yambiri waiona kamodzi kokha, udziwe kuti yomwe sudaione n'komwe ndi yambirinso. Atawerenga nkhani za ngwazi za m'ziyankhulo zisanu ndi chimodzi za ku Ulaya, adapeza kuti mwa mabuku 100 alionse olembedwa pamanja adatsala pafupifupi 9, ndipo mwa nkhani 100 zilizonse zidatsala pafupifupi 68. Chingerezi chidataya zambiri kuposa Chijeremani, Chiayirishi ndi chiyankhulo cha ku Iceland.

Kwa ife ophunzira za ziyankhulo, izi zikutanthauza kuti mtanthauziramawu wa Chingerezi chakale wamangidwa pamapale. Mu Beowulf muli mawu ambiri omwe sapezekanso kwina kulikonse. Kodi mlakatuli adawapeka yekha, kapena adali mawu wamba m'ndakatulo zomwe zidapsa? Tikamamuyamikira kuti adali mmisiri wa mawu, mwina tikumupatsa ulemu wa anzake omwe sitidzawawerenga. Vuto lotereli si lachilendo kwa ife: zambiri zomwe tikudziwa za Chichewa cha m'ma 1850 zikuchokera mu mtanthauziramawu wa Johannes Rebmann wosindikizidwa mu 1877, womwe adaulemba pafupi ndi Mombasa pofunsa munthu mmodzi, Salimini. Mawu omwe Salimini sadawatchule, bukulo silikuwadziwa.

Zosema ndi zosula zakale nazo zimatiphunzitsa zomwezi, mwinanso momveka bwino chifukwa maso amaona okha. Pachikuto cha mabuku ambiri a Beowulf pamakhala chithunzi cha chisoti chankhondo cha ku Sutton Hoo, chomwe chidafukulidwa mu 1939 m'manda a munthu wolemekezeka amene adaikidwa m'ngalawa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 600. Woona chithunzicho amayesa kuti chisoticho chidatuluka m'nthaka chili chathunthu. Zoona zake n'zakuti chitsulo chidachita dzimbiri, denga la manda lidagwa, chisoti n'kuphwanyika m'tizidutswa mazanamazana. Herbert Maryon adalumikiza tizidutswato nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri anthu ankachiona ku British Museum ndi m'mabuku n'kumati nkhope ya Angerezi akale ndi imeneyi. Kenako akatswiri adadandaula kuti chisoti chotere sichikadateteza bwino wochivala. Chidaphwasulidwa, ndipo Nigel Williams adachilumikizanso mwatsopano mu 1970 ndi 1971. Tizidutswa tidali tomweto, koma nkhope idatuluka ina. Chomwe ndimayamikira pachisoti chamakonochi n'chakuti ukachiyang'anitsitsa umasiyanitsa chitsulo chakale chokakala ndi zomatira zosalala zomwe wokonza adadzazira mipata. Wokonzayo sadabise dzanja lake.

Mikutiramawu yomwe idandinyansa papepala lija imagwira ntchito yomweyo. Pali anzanga ena m'kalasi amene adati mkonzi asamadzazeko mpata uliwonse, angosiya timadontho. Sindigwirizana nawo. Mkonzi wodziwa kayendedwe ka mizere ya ndakatulozi, momwe mawu otsindikidwa amayambira ndi liwu lofanana, ndiponso woyeza kukula kwa mpata pachikopa, amadziwa zambiri kuposa ine, ndipo kundimana nzeru zakezo sikundithandiza. Tizidutswa tachitsulo tili m'thireyi sitingaphunzitse munthu za chisoti. Chomwe ndikukana ndi kudzaza mwakachetechete, monga adachitira womasulira wa mbali yakumanja uja. Tsoka lake, owerenga ambiri, kuphatikizapo ife kuno, timakumana ndi ndakatulozi kudzera m'zomasulira zosalala zoterezi, ndipo pamayeso timalemba molimba mtima kuti mlakatuli akuti chakutichakuti pomwe wanena zimenezo ndi mkonzi wa m'zaka za m'ma 1800.

Pomasulira m'Chichewa ndidakumana ndi vuto lomwe womasulira m'Chingerezi sakumana nalo. Iye akasintha dzina limodzi, mizere yotsatira imakhala chimodzimodzi. Kwa ife dzina limakoka agwirizanitsi ake. Ndikasankha kapolo, ndilemba kuti adalowa, adatenga, adathawa. Ndikasankha mbala kapena nduna, ndilemba kuti idalowa, idatenga, idathawa. Ganizo la mkonzi silikhala pamalo amodzi pomwe ndingalitchinge ndi mikutiramawu, koma limayenderera m'aneni onse a ndimeyo. Ndidayesa kuzemba polemba kuti wakuba m'malo mwa mbala, kuti agwirizanitsi afanane ndi a kapolo, koma nduna idakanabe kulowa m'khola limenelo.

Pomaliza ndidalemba kuti munthu wina, n'kuika mawu atatu aja m'munsi mwa tsamba pamodzi ndi matanthauzo ake. Aphunzitsi adandibwezera pepala atalemba ndi inki yofiira m'mbali kuti ndathawa udindo wa womasulira, popeza mlakatuli sadanene kuti munthu wina, adatchula chinthu chenicheni. Ndidapita ku ofesi kwawo kukadziteteza. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, kenako adandifunsa kuti, "Nanga mukadakhala kuti mukuwerengera anthu ndakatuloyi mokweza pabwalo, mawu am'munsiwo mukadawawerenga bwanji?" Ndidasowa poyankha. Pokonzanso ntchitoyo ndidasankha kapolo, chifukwa mizere yoyandikana nayo ikunena za munthu wothawa kumenyedwa ndi wosowa pogona, amene pambuyo pake akupereka chikhocho kwa mbuye wake pomupempha mtendere. Ndidawatchinga mawuwo ndi mikutiramawu, ndipo aneni onse otsatira ndidawasiya opanda chotchinga chifukwa ndidalibe njira ina.