Kodi Nyimbo Ilowa Bwanji m'Lamya?

Masiku ano palibe mnyamata kapena mtsikana wosadziwa mau akuti "kutsitsa nyimbo". Pa holide ena a ife tibwereka lamya ya acimwene, ena tipita ku msika kwa anyamata a makompyuta kuti atiikire nyimbo pa memori khadi. Koma ndi ocepa amene afunsa kuti, kodi nyimbo imene munthu anaimba ndi pakamwa pace ikhoza bwanji kukhala m'kanthu kocepa ngati cikhadabo? Ine ndafuna kuti tiphunzire pamodzi nkhani imeneyi, pakuti muli masamu okoma, ndiponso muli mlandu umene tiyenera kuuganizira.

Poyamba tidziwe kuti mau ndiwo kunjenjemera kwa mpweya. Kompyuta siidziwa mpweya ai. Idziwa manambala awiri okha, ndiwo 0 ndi 1, ndipo iri yonse ya manambala amenewa ichedwa biti. Mabiti 8 apanga baiti imodzi, ndipo mabaiti 1,000,000 apanga megabaiti. Tsono pofuna kusunga nyimbo, makina ayesa kunjenjemera kuja kambirimbiri, nalemba muyeso uli wonse m'manambala. Pa CD, imene inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1982, makina ayesa maulendo 44,100 pa sekondi imodzi. Cifukwa cace nci: khutu la mwana limva kunjenjemera kufikira maulendo 20,000 pa sekondi, ndipo kuti mau atuluke bwino kuyesa kuyenera kupitirira kawiri nambala imeneyi.

Tiyeni tiwerengere. Muyeso umodzi utenga mabiti 16, ndipo njira za mau ziri ziwiri, ya ku khutu lamanja ndi ya ku khutu lamanzere. Tikaculukitsa 44,100 ndi 16, ndiponso ndi 2, tipeza mabiti 1,411,200 pa sekondi. Nyimbo ya mphindi 4 iri ndi masekondi 240, motero ilemera monga mamegabaiti 42. Uyu ndi katundu wolemera ndithu, ndipo kale intaneti iri yocedwa munthu akadadikira maora kuti nyimbo imodzi ifike.

Amene anapeputsa katunduyu ndiwo akatswiri a ku Fraunhofer Institute mu mzinda wa Erlangen ku Germany, ndipo wochuka mwa iwo ndiye Karlheinz Brandenburg. Nzeru yao inacokera pa khutu. Mukaima pafupi ndi cigayo cikulira, mnzanu nakunong'onezani, simumva kanthu. Mau ace alipo, koma aphimbidwa ndi phokoso lalikuru. Momwemonso m'nyimbo: ng'oma ikagunda, timau tating'ono ta nthawi yomweyo sitimveka. Tsono akatswiriwo anati, tisungirenji cimene khutu silimva? Njira yao inabvomerezedwa ndi maiko ndi kufalitsidwa m'caka ca 1993, ndipo dzina lakuti .mp3 linasankhidwa m'mwezi wa July 1995.

MP3 wamba itenga mabiti 128,000 pa sekondi. Nyimbo yathu ija ya mphindi 4 tsopano siifika ngakhale mamegabaiti 4; yacepa monga ka 11. Pa bandulo ya mamegabaiti 1,000 mukadatsitsa nyimbo 23 za muyeso wa CD, koma za MP3 mutsitsa 260.

Nanga kutsitsa kwenikweni nkutani? Nyimbo ikhala pa kompyuta yaikuru yochedwa seva, kapena ku dziko lina kutali. Lamya yanu ikapempha, seva idula manambala aja m'timitokoma tambiri, ndipo timitokomato tiyenda m'mawaya, tina pansi pa nyanja, kufikira pa nsanja ya lamya iri pafupi ndi mudzi wanu. Lamya itisonkhanitsa mwa dongosolo lace, nisunga nyimbo yathunthu. Zindikirani cinthu cimodzi: pa seva paja nyimbo siicoka. Inu mwangotenga cifaniziro cace, monga wophunzira akopa notsi za mnzace, kope la mnzaceyo osacepa.

Apa ndipo pagona mlandu. Popeza kukopa kunakhala kwapafupi, anthu anayamba kugawana nyimbo osalipira. M'caka ca 1999 mnyamata wa ku America, Shawn Fanning, anatulutsa Napster, njira imene anthu miyandamiyanda anatengerana nayo nyimbo kwaulere. Makampani a nyimbo pamodzi ndi gulu loimba la Metallica anakasuma ku bwalo la milandu, ndipo m'mwezi wa July 2001 Napster ija inatsekedwa. M'caka ca 2003 kampani ya Apple inatsegula sitolo ya iTunes, nigulitsa nyimbo imodzi pa masenti 99 a ku America. M'caka ca 2008 inayamba Spotify ya ku Sweden, kumene munthu amvera nyimbo iri kubwera, osaisunga, ndipo kampani ipereka gawo la ndalama kwa eni nyimbo. Koma cenjerani, pakuti kumvera kotere kudya bandulo nthawi iri yonse mubwereza nyimbo, pamene yotsitsa idya kamodzi kokha.

Kuno ku Malawi lamulo loteteza eni nyimbo ndi eni mabuku linakhazikitsidwa m'caka ca 1989, ndipo lina latsopano lolowa m'malo mwace linapangidwa m'caka ca 2016. Bungwe la COSOMA, limene linayamba nchito m'caka ca 1992, litolera ndalama kwa ogwiritsa nchito nyimbo, monga nyumba za wailesi, ndi kugawira oimba.

Ena ati, "Kodi ndaba ciani, popeza nyimbo yace ikalipo?" Ine nditi tiganize bwino. Akatswiri aja anapeputsa nyimbo, koma nchito ya woimba sanaipeputse. Iye apekabe mau usiku, alipira situdiyo ndi omuthandiza kuimba, ndipo ana ace afuna nsima ndi ndalama za sukulu monga ife. Mlimi akakolola cimanga, mudzi wonse nudya osampatsa kanthu, kodi caka camawa adzalimanso? Zoona, oimba ena aika nyimbo zao pa intaneti mwa kufuna kwao kuti adziwike, ndipo kutsitsa zimenezo si kulakwa. Cosiyanitsa ndico cilolezo ca mwini.

Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, funani nyimbo pa malo amene mwini wace anaiika yekha, kapena pamene igulitsidwa mwa lamulo. Caciwiri, yang'anani mathero a dzina la cimene mutsitsa: ngati mufuna nyimbo koma dzina lithera ndi .apk kapena .exe, imeneyo si nyimbo ai, ndi pulogalamu, ndipo ikhoza kukhala ndi kacirombo koononga lamya kapena koba zinsinsi zanu. Cacitatu, woimba amene mumkonda akadzaimba kwanuko, lipirani pa khomo mokondwa.

Pakati pa ife amene tiimba m'kwaya ya sukulu, ena adzakhala oimba a mawa, ndipo adzafuna kudya thukuta lao. Tiyambe lero kucitira anzathu cimene tidzafuna kuti aticitire, pakuti akuru anati kupatsa nkuika.

Wophunzira wa Fomu 3