MMENE UBONGO UMASUNGIRA ZIMENE MWANA WAPHUNZIRA

Makolo ambiri m'makomboni amadandaula kuti mwana amawerenga mpaka usiku, koma mayeso akafika zonse zauluka. Ena amati ndi ulesi, ena amati analodzedwa. Kawiri-kawiri cifukwa cake cimakhala m'kati mwa maselo a ubongo.

Ubongo uli ndi maselo a mitsempha pafupi-fupi 86 biliyoni. Selo lirilonse liri ndi nthambi zimene zimakumana ndi nthambi za maselo ena, ndipo uthenga umadumpha pa malo okumaniranawo. Munthu akamva cinthu kamodzi cabe, malowo amalimba kwa mphindi kapena maola ocepa. Kuti cinthuco cikhazikike m'mutu, selo liyenera kupanga mapuloteni atsopano ndi kumangira nao malowo. Mu 1963 ofufuza a ku America anabaya mbewa mu ubongo mankhwala oletsa kupanga mapuloteni, ndipo mbewazo zinaiwala njira imene zinaphunzitsidwa. Eric Kandel, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, anafufuza zimenezi pa nkhono ya m'nyanja yochedwa Aplysia.

Selo silipanga mapuloteni amenewa mwacisawawa ai, limayembekezera kuuzidwa. Uthenga ukabwera mobwereza-bwereza, mankhwala a m'ubongo ochedwa glutamate amatsegula timakomo ta selo ndipo calcium amalowa. Calcium ameneyu amadzutsa puloteni imodzi, imeneyo imadzutsa inzake, monga mmene uthenga wa maliro umayendera nyumba ndi nyumba, mpaka mau afika pakati pa selo pamene pali majini. Kumeneko puloteni yochedwa CREB imatsegula majini ofunika. Malangizo ace amakoperedwa ndi kutumizidwa ku timakina tochedwa ribosome, timene timalumikiza ma amino acid kuti akhale puloteni. Ndiye cifukwa cake kuwerenga pang'ono-pang'ono kwa masiku angapo kumaposa kuwerenga zonse usiku umodzi.

Palinso kapitao wa nchitoyi, puloteni yochedwa mTOR, imene inadziwika mu 1994. Kapitaoyu asanalole timakina kuyamba nchito, amaona ngati m'selo muli mphamvu ndi ma amino acid okwanira. Zikacepa, amacepetsa nchito yomanga.

Apa ndi pamene nkhaniyi imafika m'khicini. Ma amino acid amacokera ku zakudya zomanga thupi, ndipo cimanga cimapereweza awiri ofunika, lysine ndi tryptophan. Kafukufuku wa mu 2016 pa ana 313 a m'midzi ya ku Malawi anapeza kuti ana opinimbira anali ndi ma amino acid ocepa m'magazi kusiyana ndi anzao. Ubongo umakula mofulumira kwambiri kuyambira m'mimba kufikira zaka 2. Conco phala la unga wokha ndi shuga limakhutitsa mwana koma silimkwanira. Amai asinjiremo nshawa, kapenta kapena soya, kapena aikemo dzira, ndipo apitirize kuyamwitsa ndi kupita naye ku sikelo. Kapenta wodzaza dzanja amathandiza mwana kuposa botolo la zakumwa zozizira, ngakhale kuti botololo ndi limene ana amalirira.

Tulo natonso ndi tofunika. Pa mbewa zimene zinaletsedwa kugona kwa maola ocepa, nchito ya mTOR ndi kupanga mapuloteni zinatsika m'mbali ya ubongo yosunga zokumbukira. Mowa umatseka timakomo ta glutamate tija, ndipo ndico cifukwa cake munthu amene anamwa kacasu mopitirira amauka osakumbukira mmene anafikira kunyumba.

Kapitaoyu angathenso kupitirira muyeso. M'matenda osaoneka-oneka ochedwa tuberous sclerosis, majini amene amaletsa mTOR amakhala oonongeka, ndipo maselo amakula mosalongosoka. Mwana wotere kawiri-kawiri amagwa khunyu akali khanda, amakhala ndi mawanga oyera pakhungu, ndipo akamakula amaturuka tiziphuphu tofiira kumaso. Khunyu liri ndi zoyambitsa zambiri ndipo silipatsirana. Mwana amene wakomoka ndi kuphupha agonekedwe cammbali kutali ndi mbaula, osamuika kanthu m'kamwa, ndipo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Ngati ali ndi mawanga oyera, makolo awaonetse kwa adokotala.