Abusa akuti ndinapandukira Mulungu chifukwa cha voti

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kaunjika. Amuna anga ndi mkulu wa mpingo kumene timapemphera. Nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025, bambo wina amene ankafuna uphungu wa dera lathu anabweretsa malata ndi matumba a simenti oti timalizire tchalitchi. Lamulungu lotsatira abusa anaima paguwa n'kunena kuti Mulungu wawaonetsa kumaloto kuti bamboyo ndiye wodzozedwa, ndipo wosamuvotera akulimbana ndi Mulungu.

Ine ndinavotera wina. Ndinawauza bambo a kunyumba tikucheza usiku, iwo n'kukaitula nkhaniyo kwa abusa. Wodzozedwa uja anagwa chagada, ndipo abusa akuti wagwa chifukwa cha anthu osamvera ngati ine. Anandichotsa pa usungichuma wa amayi. Bambo akuti ndikapepese pamaso pa mpingo chifukwa ndawachotsa ulemu. Mwana akangotentha thupi ndimayamba kuganiza kuti ndi chilango. Kodi ndinachimwa?

Mayi wosowa mtendere, Lilongwe

Mayi,

Simunachimwe. Mwanayo akatentha thupi thamangirani naye kuchipatala akamuyeze malungo. Udzudzu sudziwa amene munavotera.

Tiyeni tilione bwino loto lija. Bamboyo akanapambana, abusa akanati, "Si ndinanena?" Wagwa, akuti olakwa ndinu. Ndiye kuti kaya zigwere uku kaya uko, abusa ali pabwino. Mawu otere muzichenjera nawo, awanene mbusa, sing'anga kapena wandale. Baibulo lomwe amanyamulalo, pa Deuteronomo 18, linapereka muyeso wake: zimene mneneri wanena m'dzina la Mulungu zikapanda kuchitika, sizinachokere kwa Mulungu. Pa Machitidwe 17 anthu a ku Bereya akuyamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malemba ngakhale zimene ankawaphunzitsa Paulo. Ngati za Paulo ankazifufuza, kuli bwanji za abusa anu?

Funso lina mudzifunse nokha: n'chifukwa chiyani lotolo linadikira kuti malata afike kaye? Sindikuti abusa anagulidwa, mtima wawo sindikuudziwa. Koma lamulo la zipani la 2018 limaletsa wofuna mpando kugawa mphatso pokopa mavoti, chifukwa amene wadya za munthu amavutika kumuona cholakwa.

Musandimve ngati ndikuti atsogoleri a mipingo asamalankhulepo pa za dziko. Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi mwawo monse, yodzudzula malipiro ochepa, mavuto a m'zipatala ndi m'masukulu, komanso kutsekera anthu popanda mlandu. Anaopsezedwa, ndipo mmodzi mwa osayina, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno. Moto umene anauyatsawo ndiwo unatifikitsa pa referendamu ya pa 14 June 1993. Koma taonani kusiyana kwake. Iwo anatchula zinthu zimene mlimi aliyense ankaziona ndi maso ake, n'kumusiya aganize yekha. Abusa anu atchula dzina la munthu, umboni wake ndi loto limene analota okha, n'kukuletsani kufunsa.

Ndipo kupemphera kwa munthu si satifiketi ya utsogoleri. Dr Lazarus Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20. Amalawi anamuika pampando mu 2020, Amalawi omwewo, opemphera omwewo, anamuchotsapo mu 2025. Tinene kuti onsewo ndi opandukira Mulungu?

Komatu nanunso sindikusiyani choncho. M'kalata yanu simunanene chimene munavotera winayo. Ngati n'chifukwa choti ndi wakumudzi kwanu, kapena anakuponyerani chitenje cha chipani, ndiye simunasiyane kwenikweni ndi amene anatsatira malata. Ngati munamva mfundo zake n'kuziyesa, chabwino, pitirizani. Phungu amene alipo panopa, kaya ndi wanu kaya ayi, muzimufunsa kumene zikupita ndalama za chitukuko cha dera zija amati CDF. Kuganiza mozama sikuthera pa chala chopakidwa inki.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi cha bambo a kunyumba kwanu. Povota mumalowa nokha m'kachipinda kaja chifukwa voti ndi yachinsinsi. Ngakhale mwamuna wanu alibe mphamvu pa iyo. Inu munawaululira chifukwa chowakhulupirira, iwo n'kutenga za kuchipinda kukaziyala kwa abusa. Banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Komabe muwamvetse: ndi mkulu wa mpingo, ndipo anzawo akuwaseka kuti akulephera kulamulira nyumba yawo. Manyazi ndiwo akulankhula pamenepo. Sankhani tsiku limene mitima ili pansi, ana atagona, muwauze mofatsa kuti ulemu wawo ulipobe, koma zimene anachitazo zinakupwetekani. Muwafunsenso kuti akanakhala iwo atavotera wina, akanakonda kuti inu mukanene? Zikakanika itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, osati abusa, poti iwo nkhaniyi ikuwakhudza.

Za kuchoka mumpingo musathamangire. Ngati mpingowo uli ndi akuluakulu oposa abusa, kadandauleni kumeneko mwaulemu. Koma kuima kutsogolo n'kupepesa tchimo limene simunachite, limenelo ndiye lingakhale bodza pamaso pa Mulungu, musayerekeze.

Chomaliza, mabuku a ndalama za amayi muwapereke pamaso pa mboni ziwiri kapena zitatu, muwerengerane tambala iliyonse, musayinirane. Munthu akakwiyiridwa pa ndale, mlandu wotsatira umakhala wa ndalama.

Ndine wanu,
Azakhali