Matenda athu, chinsinsi chathu

Tikapita kuchipatala, adokotala amatisungira chinsinsi. Nanga app ya pa foni imene timaiuza masiku athu a kumwezi kapena nthawi yomwera ma ARV?

Mu 2021, bungwe la boma la America la FTC linadzudzula kampani ya app ya Flo kuti inkapereka zinsinsi za amayi kwa Facebook ndi Google, chonsecho inawalonjeza kuti sidzaulula.

Kuno ku Nsaru vuto lili pafupi: timabwerekana mafoni, ndipo timawasiya kotchajitsa opanda password.

Tiyeni tiziloka mafoni athu. App ikapempha manambala a anzathu popanda chifukwa, tikane. Ndipo tikaona za matenda a mnzathu pa foni yobwereka, imeneyo ndi amanah. Tisaulule.