PHUNZIRO 17: DZANJA LIMODZI LODZALA

Kuŵerenga: Mlaliki 4:4-8 ndi Eksodo 18:13-26. Vesi loloŵeza pamtima: Mlaliki 4:6.

CHOLINGA: Ana adziŵe kuti ntchito ndi mphatso ya Mulungu, koma moyo wa munthu uposa malipiro ake.

KWA INU APHUNZITSI

Mkhristu akhoza kupeza ntchito ziŵiri. Ina ndi ya malipiro ambiri, koma alaŵira kusanache nabwerako ana atagona, mtima uli m'mwamba chifukwa cha ukali wa bwana. Ina ndi ya malipiro ochepa, koma aŵeruka dzuŵa likalipo. Asankhe iti?

Mlaliki ayerekeza anthu aŵiri. Wina wadzaza dzanja limodzi ndipo ali pa mtendere. Wina wadzaza manja onse, koma ndi wolema ndi wosautsika. Mlaliki aona kuti woyambayo ndiye wapeza bwino. Mosenso anakhala tsiku lonse kuweruza milandu yekha. Yetero mpongozi wake anamchenjeza kuti adzalefuka, namlangiza kusankha akulu oyang'anira anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. Mose anamvera.

Madotolo avomereza zomwezi. M'chaka cha 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu 745,000 anafa ndi sitiroko ndi nthenda ya mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Kuno ku Malaŵi lamulo la ntchito la 2000 linaika maola 48 pa sabata.

Koma tisaiŵale mbali inayo. Vesi 5 lidzudzula waulesi, ndipo 1 Timoteo 5:8 atilamula kusamala a pabanja pathu. Dzanja limodzilo liyenera kukhala lodzala ndithu. Choncho munthu asanasiye ntchito akhale pansi ndi mkazi wake kapena mwamuna wake, alembe zofunika za pa mwezi: chimanga, lendi, fizi, mankhwala ndi chopereka. Ngati malipiro ochepawo akwanira zimenezi, asaope kuŵalandira. Ngati sakwanira, ayambe wapempha bwana kuti amchepetsere katundu. Adzifunsenso kuti: kodi ndalama zoonjezerazo ndi za chakudya cha ana, kapena ndi zopikisana ndi mnansi (vesi 4)? Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

KAPHUNZITSIDWE

Bwerani ndi chimanga m'lichero. Mwana mmodzi atape ndi dzanja limodzi, wina ndi manja onse. Tsono auzeni apatse anzao moni ndi kutsegula Buku Lopatulika. Wa manja aŵiri adzalephera, kapena adzataya chimanga. Funsani ana chimene aona, kenaka fotokozani nkhani ya Mose.

Chenjerani, aphunzitsi. M'kalasi mwanu muli ana a alonda ndi a anthu aganyu amene alibe posankha. Musanyoze makolo ao. Phunzitsani ana kuŵathokoza ndi kuŵapeputsa pa ntchito za pakhomo, monga kutunga madzi ndi kusesa.

MAFUNSO

1. Kodi Yetero anamlangiza chiyani Mose?
2. Tchulani zinthu zimene ndalama sizingagule.
3. Mudzathandiza bwanji makolo anu sabata ino?

PEMPHERO: Pemphererani makolo olema ndi ntchito, anthu osoŵa ntchito, ndiponso mabwana kuti achite chilungamo.