Madokotala Agwirizana Kapimidwe ka Matenda a Nsagwada

Kutsogolo kwa khutu lililonse kuli mfundo imene imalumikiza nsagwada ya m'munsi ndi chigaza. Munthu akaika chala pamenepo ndi kutsegula pakamwa, amaimva ikusuntha. Mfundo imeneyi ikadwala, kapena minofu yoizungulira, kutafuna kumapweteka, pakamwa sipatseguka bwino, ndipo ena amamva mutu kapena khutu kuwawa. Akazi ndiwo amavutika nazo koposa amuna.

M'chaka cha 1934 dokotala wa makutu wa ku St Louis ku America, dzina lake James Costen, anaphunzitsa kuti vutoli limadza pamene mano sakumana bwino. Kwa zaka zambiri odwala ena anapalidwa mano, ena anachitidwa opaleshoni, koma si onse anachira. Choipa china chinali chakuti dokotala aliyense ankapima m'njira yakeyake, kotero kuti zimene wina anapeza sizikanayerekezedwa ndi za mnzake.

Tsono mu 1992 Samuel Dworkin ndi Linda LeResche a ku Seattle, pamodzi ndi anzao, analemba njira imodzi yopimira. Akatswiri a m'maiko ambiri anaiyesa naikonza, ndipo inatulukanso mu 2014. Dokotala amayeza ndi rula kukula kwa mpata pamene wodwala wayasamula. Amasindikiza minofu ya m'masaya ndi chala, nafunsa ngati ululuwo ndi womwewo umene umamsautsa kunyumba. Amafunsanso za nkhawa ndi maganizo, pakuti kafukufuku wina amene anayamba mu 2006 ku America, wotsata anthu oposa 3,000, anaonetsa kuti a nkhawa, osagona bwino ndi odwaladwala m'thupi ndiwo amagwidwa kawirikawiri.

Chifukwa cha ichi mankhwala oyamba masiku ano ndi ofatsa. Wodwala adye zofewa monga phala, aleke nzimbe ndi chimanga chokazinga kwa kanthawi, athowe tsaya ndi nsalu yofunda, ndipo asiye kukukuta mano. Ambiri amapeza bwino motero. Nsagwada yongolira "thapu" popanda ululu siifuna mankhwala konse, ndipo dzino lopalidwa silimeranso.

Koma aphunzitsi achenjeze makolo za chinthu chimodzi. Nsagwada ikauma patapita masiku munthu atavulala ndi khasu, msomali kapena minga, mwina ndi kafumbata, matenda akupha. Wotereyo atengedwe kuchipatala tsiku lomwelo.