Za Kupatsa Mwana Ndime Yace

Makolo ambiri adandaula kuti ana a masiku ano ngaulesi, safuna khasu. Mau awa tiwamva pabwalo, ndi pamaliro pomwe. Koma tisanatsutse ana, tiyeni tifunse: kodi ulesiwo anabadwa nao, kapena auphunzira pakhomo? Mwana wa mlimi agwira nchito zambiri ndithu. Atunga madzi, atola nkhuni, amangirira mbuzi, athamangira kucigayo. Koma zonsezi azicita monga mtumiki. Nchito aiyamba wina, naitsiriza wina, ndipo phindu lace mwanayo saliona. Wongotumidwa aphunzira kudikira mau, saphunzira kusamala.

Taonani za masanje. Pakutha masika ana ankapita kukakunkha cimanga ndi mtedza zotsala m'minda, namanga timisasa kunja kwa mudzi. Asungwana nasinja, naphika, anyamata nakumba mbewa zandiwo. Anawatuma ndani? Palibe. Ndipo panalibe wotaya ngakhale kaufa pang'ono, popeza zimene anakunkha zinali zao.

Cifukwa cace titi, mwana akafika zaka 7 kapena 8, mumpatse ndime yace m'mphepete mwa munda, mizere iwiri kapena itatu, ndi kakhasu kopepuka kolingana ndi msinkhu wace. Ndimeyo aiyendetse yekha kuyambira kusosa kufikira kukolola. Akweze mizere, abzale ndi mvula yoyamba ya November kapena December. Alangizi a zaulimi ati mizere ya cimanga italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbeu imodzi paphando. Mumdulire kandodo ka muyeso umenewu, ndipo mudzaona kuti aphunzira kuwerenga pamodzi ndi kubzala. Apalire masabata awiri kapena atatu mbeu zitamera, abandire pa nthawi yace. Mumsonyeze kaufiti, kuti auzule usanacite maluwa, pakuti njere zace zazing'ono ngati pfumbi zikhala m'nthaka zaka zambiri. Mumsonyezenso mbozi zija zinalowa m'dziko lino m'dzinja la 2016 ndi 2017, zobisala m'kati mwa nsonga ya cimanga ndi kusiya zonyansa zonga utuci. Pa nchito iyi maso a mwana aposa a atate wace.

Tsono pali cinthu cobvuta, ndipo cibvuta makamaka amai. Mwana adzanyalanyaza ndime yace. Udzu udzakula, cimanga cidzacita cikasu. Pamenepo mtima wacifundo ufuna kutenga khasu m'mamawa ndi kumpalirira. Musatero. Mumkumbutse kamodzi, kawiri. Mukafuna, palirani pambali pace kuti asasungulumwe. Koma mzere wace ukhale wace. Pa masika, poona tizitsononkho tace pafupi ndi cimanga ca mlongo wace amene anapalira, adzamva cimene ndodo sikadatha kumuuza. Banja lidzatayapo dengu limodzi la cimanga. Pali maphunziro ena ogula ndalama zambiri koposa apa.

Cobvuta cinzace cigwera atate. Zimene mwana wakolola nzace. Akafuna kuthira m'nkhokwe ya banja, athire ndi manja ace, ndipo onse adziwe kuti nsima ya lero yacokera m'ndime ya uje. Akagulitsa mtedza wace nagula kope, kapena kamsoti, mlekeni. Nkhukuyo ikaswa, asamale yekha anapiye kwa mphamba. Ndipo mlendo akafika, musaigwire osampempha mwini wace. Tiona atate ena oseka mau awa, nati, Mwana ali ndi ciani cace pakhomo panga? Atate otere asadabwe mwana akakula nathawira ku Lilongwe kukagulitsa zinthu pamseu; kumeneko cimene wapeza cikhala m'thumba mwace.

Za asungwana tingonena mwacidule. Pakati pa Acewa munda utsata mbumba. Mwini munda wa mawa ndiye mwana wamkazi. Kumsiya pamtondo pokha ndi kupatsa ndime mlongo wace yekha nkusaganiza.

Koma pasakhale wina wotenga mau athu nawayesa cilolezo ca kulemetsa ana. Iripo nchito yomanga mwana, iriponso yomthyola. Masamba a fodya akanyowa ndi mame kapena mvula, ululu wace wa nikotini ulowa pakhungu. Mwana wothyola fodya wotere amva cizungulire ndi mutu, nasanza. Mankhwala opopera mbeu asawagwire konse, ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50 si katundu wa msana wosakhwima. Lamulo la nchito la 2000 liletsa kulemba nchito mwana wosafika zaka 14, ndipo mu 2021 Boma linathetsa utenanti, umene unkakokera mabanja athunthu, ndi ana omwe, m'minda ya fodya.

Nanga sukulu? Kuyambira 1994 sukulu za pulaimale za Boma sizilipiritsa fizi. Koma funsani mphunzitsi ali yense wa kumudzi za January ndi February, miyezi ya kupalira ndi ganyu, adzakuuzani kuti ana acepa m'kalasi. Potero ndime ya mwana muiyese ndi nthawi yace, si ndi kukula kwa munda wanu: ikhale yoti aitha madzulo atabwera kusukulu ndi m'mawa wa Loweruka. Ikamkulira, cotsaniko mzere umodzi. Caka camawa adzaupempha yekha.